Hatchi ya Pamwamba pa Ndandanda Si Kuti Yawina Kale

Ambiri akaona ndandanda wa mahatchi a mpikisano wa Grand National, womwe umachitikira ku Aintree pafupi ndi Liverpool, amathamangira nambala 1. Amati poti ndi katswiri, basi iwina. Kuganiza kotere n'kolakwika.

Mpikisanowu ndi wa mtundu wa handicap. Katswiri wa bungwe la British Horseracing Authority amayang'ana mmene hatchi iliyonse yakhala ikuthamangira, n'kuipatsa kulemera koti isenze. Yabwino kwambiri imasenza zambiri, yofooka zochepa, cholinga n'chakuti zonse zikhale ndi mwayi wofanana. Wokwera akapepuka, amamuwonjezera tizidutswa ta mtovu m'matumba a kansalu ka pansi pa chishalo mpaka sikelo ikwane. Choncho nambala 1 ikutanthauza hatchi yomwe yasenzetsedwa kwambiri.

Ndiye taganizani: mtunda wa makilomita pafupifupi 7, kulumpha mipanda maulendo 30, mwina pansi pali matope. Kilogalamu imodzi yomwe inkaoneka yachabe poyambira, pofika mpanda womaliza imakhala mwala. Zoona, Red Rum inawina mu 1974 itasenza makilogalamu 76, koma ija inali hatchi yapadera, yomwe inawinanso mu 1973 ndi 1977.

Nanga ngozi? Mu 1967 mahatchi anaunjikana pampanda wa 23, Foinavon yomwe inali kumbuyo n'kudutsa pambali n'kuwina. Mpandawo lero umatchedwa dzina lake.