Nthabwala si pobisalira osatha kuimba

Mwezi sutha osalandira anyamata awiri ku situdiyo atanyamula kope la mawu oseketsa, n'kundiuza kuti gitala safunika kuidziwa kwenikweni poti nyimbo zawo n'zanthabwala. Ndikafunsa kuti nzeru imeneyi anaitola kuti, amatchula Tenacious D, oimba nyimbo zoseketsa awiri aja a ku America, Jack Black ndi Kyle Gass. Ndatopa nazo. Mbiri ya anthu amenewa ndiyo ikukutsutsani, achimwene.

Anakumana ku Los Angeles m'zaka za m'ma 1980, m'gulu la zisudzo la The Actors' Gang. Gass, wamkulu kwa mnzakeyo ndi zaka 9, ndiye ankaitha gitala, ndipo anakhala pansi n'kumuphunzitsa Black. Gulu analiyambitsa mu 1994, dzina n'kulitenga ku mawu a oulutsa masewero a basketball onena za kutchinga kosatopa. Mu 1997 anayamba kuoneka pa wailesi ya kanema ya HBO, koma chimbale choyamba chinatuluka mu 2001. Werengani zala: zaka 7 akuimba pamaso pa anthu asanatulutse chimbale. Inu mukufuna kujambula Loweruka nyimbo yomwe munalemba Lachitatu.

Pachimbalecho ng'oma anaimba ndi Dave Grohl, wa magulu otchuka a Nirvana ndi Foo Fighters uja. Munthu wotero angataye nthawi yake ndi anthu othawa biti?

Chimene simukuchiona n'chakuti nthabwala yawo yonse yatsamira pa luso. Amuna awiri onenepa, magitala a bokosi m'manja, akudzitama kuti palibe gulu lowaposa padziko lonse. Timaseka chifukwa akayamba kuimba, mawu a Black akakwera, zala za Gass zikathamanga, bodza lija limatsala pang'ono kukhala loona. Akanakhala okwacha, sitikanaseka, tikanawamvera chisoni. Mu 2015 anapata Grammy, mphoto yaikulu ya oimba ku America, ya nyimbo za metal poimbanso nyimbo ya katswiri wa metal Ronnie James Dio, ndipo munalibe nthabwala m'menemo. Ngakhale filimu yawo ya mu 2006 italephera kubweza ndalama, anabwereranso ndi chimbale china mu 2012, chifukwa manja anali akadalipo.

Pali awiri ena amene amandisowetsabe tulo. Wamng'onoyo anali woseketsa mwachibadwa, moti nane ndinagwira nthiti tsiku loyamba lomwelo. Koma mawu ake ankasochera pa kiyi, ndipo mnzakeyo ankadziwa makodi atatu, lachitatulo mokayikira. Ndinawauza kuti andipatse miyezi 6, kawiri pa sabata, tisanajambule kanthu. Anaona ngati ndikuwachedwetsa. Anapita kwa wina wa laputopu m'chipinda chogona, amene anawalonjeza kuti kompyuta iwongola zonse. Anawadyera ndalama, nyimbo inatuluka, anzawo anaigawana pa WhatsApp. Kenaka anaitanidwa kukaimba pa ukwati. Kumeneko kulibe kompyuta yokuwongolera mawu. Anthu anasekadi, koma ankaseka iwowo, osati nyimboyo, ndipo mwana woseketsa amasiyanitsa msanga kuseka kuwiriku.

Chenjerani nawo anthu olonjeza kuti luso lidzabwera pambuyo. Aliyense wokuuzani kuti mulipire lero, mawa mukhala pa wailesi, osakufunsani n'komwe kuti muimbe kaye popanda makina, akufuna thumba lanu. Ndipo kuzengereza kumawononga kuposa iyeyo. Chala chikazolowera kugwira kodi molakwika kwa zaka ziwiri, kuchiwongola kumavuta kuposa kuphunzitsa amene sanagwirepo gitala. Pakhosi n'chimodzimodzi: wozolowera kukuwa m'malo moimba amafika kwa ine mawu atasasa kale, ena mpaka ndimayamba ndawatumiza kuchipatala.

Mnyamata woseketsa uja sanabwerenso. Ndinamva kuti analeka zoimba. Kope lake analiiwala pa mpando tsiku lija, ndipo likadali m'kabati mwanga. Muli nyimbo ya apongozi ndi mbuzi imene mpaka lero palibe anaiimba.