Oyilo wolemera sachiza foloko yofooka

Sabata ino yokha anthu atatu abwera kugalaja kwanga ku Booysens, mumzinda wa Johannesburg, ndi pempho limodzimodzi, lakuti ndiwathirire oyilo wolemera m'mafoloko chifukwa njinga yamoto ikumagwada akamanga buleki, ndipo ndatopa nako kuyankha mmodzimmodzi. Abale anga, chimene chimanyamula njinga pamodzi ndi mwini wake ndi sipuling'i. Ntchito ya oyilo ndi kuchedwetsa kutsika ndi kubwerera kwa foloko pamene iye akupanikizika kudutsa m'timabowo ta damper rod, kachitsulo kamphako kamene kali m'kati mwa foloko. Mukachotsa oyilo wopepuka wa 10W n'kuthira wolemera wa 20W, njinga idzagwadabe, kungoti mochedwerako. Koma mukagwera m'dzenje ngati awa amene amatseguka m'misewu ya Turffontein ndi Rosettenville nthawi ya mvula, oyiloyo sathanso kudutsa msanga, foloko imauma gwa, ndipo kugunda konse kumathera m'mikono yanu.

Amene akufunadi kuti kutsogolo kwa njinga yake kukhale bwino ayambe ndi tepi yoyezera. Nyamulani tayala lakutsogolo kuti foloko itambasuke yonse, muyeze utali wa chitsulo chonyezimira chimene chikuoneka. Kenako khalani panjinga mutavala chisoti, bokosi la katundu lili pamalo pake, mnzanu ayezenso. Kusiyanako kumayenera kukhala pakati pa gawo limodzi mwa anayi ndi limodzi mwa atatu a mtunda wonse umene foloko imayenda, ndipo panjinga zambiri zamumsewu zimenezi zimakhala mamilimita 30 mpaka 35. Mangani cable tie, lamba wapulasitiki womangira mawaya, pachitsulocho, muyende nayo tsiku lathunthu. Mukaipeza madzulo itakankhidwira kumapeto kwenikweni, sipuling'i yakuchepera kapena yatopa. Kuika kachidutswa ka paipi pamwamba pake kumangokweza njinga, sikuilimbitsa, ngakhale kuti kachidutswako kakadulidwa mwa muyeso kali ndi ntchito yake. Chofunika ndi masipuling'i oyenerana ndi kulemera kwanu, kenako oyilo amene buku la njingayo likunena, woyezedwa sipuling'i itachotsedwa ndiponso foloko itapanikizidwa mpaka pansi, wofanana mbali zonse ziwiri. Musasinthesinthe kampani ya oyilo, popeza 10W wa kampani imodzi salemera mofanana ndi wa inzake. Eni njinga zazikulu angawonjezere tizipangizo towongolera kayendedwe ka oyilo m'foloko, totchedwa cartridge emulator, monga ta Race Tech, koma panjinga yaing'ono ya 125cc kapena 150cc yoperekera zakudya ine ndimati ndalamayo igule tayala labwino.

Nkhani imene imandisowetsabe mtendere ndi ya mnyamata wina wochokera ku Mangochi, amene anabwera kudzasintha tcheni. Ndinaona kansanza ka T-sheti katamangidwa pafoloko yakumanzere, katada bii ndi oyilo ndi fumbi. Nditachotsa labala wotchinga fumbi ndinapeza chitsulo chili ndi timadontho ta dzimbiri tokanda chala, tomwe tinkadula seal, labala wotseka oyilo kuti asatuluke, nthawi iliyonse foloko ikatsika. Oyilo anali atayamba kale kuyenderera kulowera ku disiki ya buleki. Ndinamuuza kuti, “Achimwene, vuto limeneli silikhala la foloko lokha, lafika pa buleki.” Anayankha kuti adzabwera kumapeto kwa mwezi akatumiza kaye ndalama kumudzi, ine n'kumulola kupita. Masiku angapo pambuyo pake, mvula yamabingu ya madzulo itanyowetsa msewu, galimoto inaima mwadzidzidzi pamaloboti, iye anamanga buleki koma siinagwire, ndipo anathyoka fupa la paphewa. Anakhala milungu yambiri osagwira ntchito, lendi ikudikira. Mpaka lero ndimadziimba mlandu kuti ndikadamukonzera pangongole. Mapadi a buleki akamwa oyilo satsukika, amatayidwa.

Tsono pali amakaniko a pansi pa mtengo amene amathira oyilo wa injini m'foloko, amene amamenya seal ndi sikuludiraiva mpaka kukanda chitsulo, ndiponso amene amawongola foloko yopindika pangozi ndi nyundo n'kukuuzani kuti yabwerera mwakale. Chitsulo chimene chapindika mpaka kuchita khwinya sichiwongoledwa, chimasinthidwa. Ena amagula mafoloko a njinga ina ku sikilapu chifukwa ndi onenepa ndi ooneka bwino, osaganiza kuti utali ukasintha, kakhotedwe ka njinga kamasinthanso, ndipo mwina akisolo ndi pomangira buleki sizigwirizana, choncho amayamba kuboola ndi kuwotcherera pamalo pamene pagona moyo wa munthu. Foloko yofupikitsidwa imachititsa njinga kukhota mwachangu koma imatha kugwedeza mahandulo mukathamanga pa M1.

Mukaona mzere wa oyilo pachitsulo cha foloko m'mawa, pukutani, mupanikize mahandulo kasanu mutamanga buleki, muyang'anenso. Mzerewo ukabwerera, oda yoyamba ya tsikulo ikudikireni, muyambe mwapita kugalaja.