Khansa ya m'kamwa: chilonda chosapola musachidikire

Khungu lofewa la m'kamwa lili ndi maselo oyalana ngati njerwa za khoma. Amagwirana ndi mapuloteni omata, makamaka E-cadherin. Pansi pawo pali kachikopa kopyapyala kowalekanitsa ndi mnofu ndi mitsempha.

Fodya wosuta, fodya woika kunkhama ndi mowa, kachasu yemwe, zimawononga maselowa pang'onopang'ono kwa zaka zambiri. Wosuta amenenso amamwa ndiye ali pa chiopsezo chachikulu. Mwa khansa 10 za m'kamwa, pafupifupi 9 zimayambira m'maselo apamwambawa.

Selo likasanduka la khansa, E-cadherin imachepa, ndipo limagwedera ngati njerwa imene dothi lake lakokoloka ndi mvula. Limachulukitsanso tolandirira mauthenga a kukula, totchedwa EGFR. Mauthenga amenewa ndi omwe amapoletsa bala mukadziluma lilime, koma bala likapola amaleka. Pa khansa salekeza: selo limangogawikana, n'kuyamba kusuntha. Kenaka limatulutsa michere yotchedwa MMP imene imaboola kachikopa kaja, n'kumakwawa mu mnofu pogwira ndi mapuloteni ena otchedwa integrin. Likalowa m'timitsempha ta madzi a m'thupi, limakaima mu anabere a m'khosi. Mwanabere wa chimfine amapweteka ndipo amaphwa. Wa khansa amakhala wolimba, kawirikawiri sapweteka, ndipo amangokula.

Chomvetsa chisoni n'chakuti poyamba khansayi siwawa, choncho ambiri amafika kuchipatala itafalikira kale.

Dziyang'aneni kamodzi pa mwezi. Sambani m'manja, tengani kalilole ndi tochi ya foni. Tulutsani lilime, onani m'mbali mwake monse, kenaka likwezeni muone pansi pake, chifukwa malo awiriwa ndi kumene khansayi imakonda kuyambira. Onaninso m'masaya, nkhama ndi milomo, ndipo papasani khosi mbali zonse.

Chilonda chikapitirira masabata 2 osapola, banga loyera losachoka mukalipukuta, banga lofiira, chotupa, dzino logwedera popanda chifukwa, kapena dzanzi la mlomo, pitani kuchipatala cha m'dera lanu, kaya ku Ndirande, Zingwangwa, Bangwe kapena Limbe, kuti akutumizeni kwa madokotala a mano ku chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Kumeneko amadula kachidutswa kakang'ono n'kukapima ku labotale. Musaope kupimako, ndi njira yokhayo yotsimikizira matendawa.

Musapake phulusa, mchere kapena asipirini pachilonda, ndipo musamangobwereza maantibayotiki ogula pagolosale. Khansa ikapezeka isanafike m'khosi, opaleshoni yokha nthawi zambiri imakwanira kuichotsa.