Ndewu ya dzira ndi ma header osamvana

Nambala 0x12345678 imadya ma byte anayi mu kompyuta (12, 34, 56 ndi 78), iliyonse ya ma bit 8. Purosesa ya Motorola 68000 kapena SPARC imatsogoza 12 posunga ma byte amenewa, pomwe ya Intel ndi VAX imatsogoza 78. Kale palibe ankadandaula nazo, poti makina aliwonse ankangowerenga zimene alemba okha. Zinavuta makinawo atayamba kutumizirana uthenga.

Pa 1 Epulo 1980 Danny Cohen, katswiri wa makompyuta, analemba za mkanganowu, nabwereka mayina m'nthano ya Jonathan Swift ya mu 1726, momwe anthu anathirana nkhondo polimbirana kuti dzira lowiritsa liswedwe chakwakukulu kapena chakwakung'ono. Mayina oti big-endian (kutsogoza byte yaikulu, ngati 12 uja) ndi little-endian (kutsogoza yaing'ono, ngati 78) ndi a dziralo. Pa intaneti anamvana kuti byte yaikulu izitsogola, ndipo 4.2BSD, mtundu wa Unix wa mu 1983, inafalitsa htons, htonl, ntohs ndi ntohl, ma function a C osintha nambala kuchoka pa dongosolo la makina kupita pa la intaneti ndi kubwerera. Lero POSIX, malamulo a makina a mtundu wa Unix, imati muzipeze mu header (fayilo yolengeza ma function) yotchedwa arpa/inet.h, koma pa Windows zili mu winsock2.h.

Zinayizi zimalekera pa ma bit 32, ndiponso sizidziwa dongosolo lina koma la pa intaneti lokha. Ma bit 64 atafunika, aliyense analima pake. FreeBSD inaika be64toh mu sys/endian.h. OpenBSD poyamba inkaitcha betoh64, kungosinthanitsa malo a zilembo, koma kokwanira kuti pulogalamu ikane kumangika usiku wonse iwe ukufufuza cholakwa. Ku Linux, laibulale ya C yotchedwa glibc inawonjezera htobe64 ndi anzake mu endian.h pa 2.9, mu 2008. Apple ndiye inalowera kwina, ku libkern/OSByteOrder.h, ndi mayina otalika ngati OSSwapBigToHostInt64. Mulu wa #ifdef (mizere yosankha code molingana ndi makina) umene mumaupeza pamwamba pa mafayilo akale a C unabadwa chonchi.

Oyika malamulo anafika mochedwa. C++20 inabweretsa std::endian, C++23 std::byteswap, ndipo POSIX inalandira endian.h mu 2024. Makina akale amene anthu akugwiritsabe ntchito sanamve n'komwe.

Ine ndikamawerenga fayilo ya big-endian sindifunsanso kuti purosesa ndi ya mbali iti. Ndimatola ma byte imodziimodzi, yoyamba ndiikankhe ma bit 24 kumanzere, yachiwiri 16, yachitatu 8, n'kuziphatikiza ndi yachinayi. Header yofunika pamenepo ndi stdint.h basi. Chongosamala n'kusandutsa byte yoyambayo kukhala uint32_t (nambala ya ma bit 32 yosapita pansi pa ziro) musanaikankhe, chifukwa ikaposa 127 imasefukira pa int. GCC ndi Clang, zomangira mapulogalamu a C, zimauzindikira mzere wotere, ndipo pa mapurosesa a x86 zimangouyika kukhala bswap, lamulo limodzi lotembenuza ma byte.