Njinga yakale ija musathamangire kuigulitsa

Kwa zaka zambiri ndakhala ndikumva mawu omwewa pakati pa ochita triathlon, mpikisano wosambira, kupalasa njinga ndi kuthamanga: akuti ukagula njinga yapadera ya mpikisanowu, ya pamsewu ija yatha ntchito. Zanditopetsa, chifukwa si zoona.

Njinga ya triathlon anaipangira munthu wopalasa yekha pamsewu wowongoka. Umawerama, zigongono zili pa mahandulo otulukira kutsogolo, mabuleki ali kutali ndi zala. Mnzako wa patsogolo akaima mwadzidzidzi, umachedwa kugwira buleki. N'chifukwa chake magulu ambiri opalasa limodzi saifuna. Pamakona ndi potsetsereka imavutanso. Ndipo m'mipikisano yomwe amalola kupalasa mothithikana, monga ya pa masewera a Olimpiki, yomwe gawo lake la njinga ndi la makilomita 40, njinga yotereyi ndi yoletsedwa. Kumeneko amafuna ya pamsewu.

Mutha kutsimikiza nokha. Werengani gawo la njinga m'malamulo a mpikisano womwe mukufuna kulowa. Palasani msewu umodzi wa zitunda ndi makona pa njinga zonse ziwiri, n'kuyerekeza nthawi. Yakaleyo mupite nayo kwa makaniko aone ngati tcheni chatha kapena felemu yang'aluka.

Chonde, musauze wongoyamba kumene kuti agulitse njinga yake musanafufuze zimenezi nokha.