Oilo wa galimoto si mankhwala a makutu a kalulu

Uthenga kwa oweta akalulu mu mzinda wa Lilongwe

Masabata apitawa takhala tikulandira akalulu odwala makutu kuchokera ku Area 25, Kawale, Chinsapo mpaka ku Likuni. Matendawo si achilendo ndipo amachizika. Chotidetsa nkhawa ndi mphekesera yomwe yafala m'magulu a WhatsApp yakuti oilo wakuda wotsala mu injini, kapena palafini, amapoletsa khutu la kalulu. Chonde lekani.

Nthawi zambiri vutoli ndi mphere ya m'makutu. Imayamba ndi tizirombo ting'onoting'ono totchedwa Psoroptes cuniculi tomwe timakhala mkati mwa khutu. Kalulu amapukusa mutu pafupipafupi, amadzikanda ndi mwendo wakumbuyo, kenako m'khutu mumaunjikana nkhanambo zofiirira, zokhuthala ngati mkute wouma wapansi pa poto. Kuchoka pa dzira kufika poti kachiromboko kayambe kuikira, pamatenga masiku pafupifupi 21, ndipo kamatha kukhala moyo m'matabwa ndi m'udzu wa m'khola kwa masabata atatu popanda kalulu. Nthawi zina chimakhala chotupa cha mafinya mkatikati mwa khutu, makamaka kwa akalulu aja a makutu ogwa. Zimenezo n'zoti dokotala aone yekha.

Tibwerere ku oilo uja. Tsiku lina mnyamata wa sukulu anabwera ndi kalulu wake m'katoni, khutu lakumanzere lili bii, fungo la kugalaja. Ndinamufunsa kuti, "Iwe, wamuthira chiyani?" Iye, akuyang'ana pansi, anati, "Amalume anati tiyambe tapala nkhanambozo ndi kamtengo, kenako tithiremo oilo." Pansi pa nkhanambo paja pamakhala chilonda chofiira. Mukapala mwasenda khungu, ndipo oilo kapena palafini akugwera pa bala losatseka. Komanso kalulu amadzisambitsa yekha: amapukuta khutu ndi timiyendo takutsogolo n'kunyambita. Zomwe mwathira m'khutu zimathera m'mimba. Amalumewo cholinga chawo chinali chabwino, koma kaluluyo anali atasiya kale kudya.

Musapale nkhanambo. Zimayoyoka zokha tizirombo tikafa.

Mankhwala ake ndi Ivermectin, amene mlangizi wa ziweto kapena dokotala amabaya molingana ndi kulemera kwa kalulu, n'kubwereza pakapita masabata awiri, mwina kawiri kapena katatu. Apa ndi pamene ambiri mumatigwiritsa mwala. Khutu likangoyera mumati wachira, jakisoni wachiwiri osabweranso. Jakisoni woyamba sapha mazira, ndiye akaswa, mwezi wamawa muli pomwepo, n'kumati mankhwala a achipatala sagwira, bola oilo. Ayi ndithu, mankhwala anagwira, inu ndi amene munalekera panjira.

Akalulu onse a m'kholamo alandire chithandizo, ngakhale amene akuoneka bwino. Udzu wakale muutenthe, khola mulitsuke liume padzuwa. Kalulu wogula kumene, kapena wamphongo wobwereka kwa aneba, ayambe wakhala payekha masabata atatu, ndipo musuzumire m'makutu mwake musanamuphatikize ndi anzake.

Mankhwala ena omwe ali m'nyumba mwathumu ndi oopsa kuposa oilo amene. Frontline wophera utitiri wa agalu amapha kalulu. Makapisozi a amoxicillin otsala pamene mwana anadwala, mukammwetsa, amawononga tizirombo tabwino ta m'matumbo, kalulu n'kutsegula m'mimba mpaka kufa. Dibi wa ng'ombe nayenso musayerekeze.

Mukaona kalulu wapendeketsa mutu mbali imodzi, akuyenda mozungulira kapena kugubuduka, maso akugwedezeka, musataye nthawi n'kufufuza amene wamulodza. Matenda afika mkati mwa khutu kapena mu ubongo. Chimodzimodzi khutu likamatuluka mafinya onunkha, kapena kalulu akatha tsiku osakhudza chisoso chake: pitani naye lomwelo. Mvula ikayamba ntchentche zimaikira mazira pa zilonda zoterezi, mphutsi sizichedwa.

Ponyamula musagwire makutu ngati zogwirira thumba, ngakhale tonse tinakula tikuona zimenezo. Dzanja limodzi pansi pa chifuwa, lina lichirikize kumatako. Mpherezi kawirikawiri sizipatsira anthu, komabe ana asambe m'manja ndi sopo akatha kusewera naye. Ngati mumawetanso a ndiwo, funsani wobayayo masiku oyenera kudikira musanaphe.

Thandizo lilipo kwa mlangizi wa ziweto ku ofesi ya zaulimi ya m'dera lanu, ku LSPCA (bungwe loteteza ndi kusamalira nyama la muno mu Lilongwe), kapena kwa madokotala a ziweto a m'tauni muno. Ngati munathira kale oilo kapena palafini, musabise, sitikukalipirani. Tiuzeni chomwe munathira ndi tsiku lake. Mubwere naye m'katoni yoboola kuti mpweya uzilowa, m'mawa kusanatenthe.