Mwezi ukafiira, si ndiye kuti dziko latha

Nthawi ndi nthawi m'magulu a WhatsApp mumabwera uthenga womwewomwewo: chithunzi cha mwezi wofiira ngati magazi, vesi la Yoweli 2:31, kenako tsiku lenileni loti dziko litha. Kumapeto amaopseza kuti wosautumiza kwa anzake watayika.

Mwezi umafiira pa kadamsana, dziko likakhala pakati pa dzuwa ndi mwezi. Kuwala kwa dzuwa kumadutsa mumpweya wozungulira dziko, ndipo kofiirako ndi komwe kumakafika kumwezi. Akatswiri a zakuthambo amadziwiratu masiku ake kudakali zaka zambiri. Mu 2014 ndi 2015 zidachitika kanayi motsatizana, maulosi adachuluka, koma kunja kudacha monga mwa masiku onse.

Kubweranso kwa Yesu ndi chiyembekezo cha Akhristu, izo sitikukana. Koma pa Mateyu 24:36 Yesu mwiniwake akuti palibe wodziwa tsikulo kapena ola lake, ngakhale angelo. Nanga wolemba uthengayo wamuuza ndani?

Musanatumize, tsegulani Baibulo muwerenge mutu wonse, osati vesi limodzi lokha. Chithunzicho chifufuzeni pa Google Lens, pulogalamu yofufuzira zithunzi pa intaneti, kawirikawiri mupeza kuti n'chakale. Uthenga ukatchula deti la chimaliziro, ufufuteni, chonde musaupititse kwa ena.